Musanagwetse webusaiti yakale ya bizinesi yanu

Mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay anandiimbira foni tsiku lina m'mwezi wa Novembala. Atangondipatsa moni anapita pa nkhani: "Achimwene, webusaiti yathu yakalamba. Ndikamaiona ndimachita manyazi. Mundipangire yatsopano yooneka bwino ngati za anzathu a ku Cape Maclear." Ndakhala ndikupanga mawebusaiti kwa zaka zingapo, ndipo anthu ambiri amayamba chimodzimodzi. Maso awo amakhala pa maonekedwe, pa mitundu ndi zithunzi. Zimenezo n'zofunika ndithu, koma ine ndimabwera nazo kumapeto. Pano ndifotokoza mmene tinakonzekerera ntchito ya mayiwa, chifukwa njira yake ingathandizenso mwini golosale, sukulu yapulaiveti kapena kampani yogulitsa zipangizo zomangira.

Funso langa loyamba linali lakuti, "Mayi, webusaitiyi mukufuna izikugwirirani ntchito yanji?" Anakhala kaye chete. Kenako anati alendo awo ambiri akunja amasungitsa zipinda kudzera pa Booking.com, ndipo pa mlendo aliyense gawo lina la ndalama limatsala kumeneko. Chimene ankafuna kwenikweni n'chakuti alendo ochulukirapo azilankhula nawo okha. Ndinawapempha kuti alembe mawu amenewo papepala m'chiganizo chimodzi, ndiponso awerengetse m'buku lawo la alendo kuti chaka chathachi ndi angati anabwera atalankhula nawo okha. Nambala imeneyo ndi imene mudzayerekezera nayo pakatha chaka. Mukapanda kuilemba lero, simudzadziwa ngati ndalama zanu zagwira ntchito. Chiganizo chimodzicho chimathandizanso pa mikangano. Mwamuna wawo atanena kuti patsamba loyamba pakhale mbiri yonse ya banja ndi mmene anagulira malowo, tinangofunsana kuti kodi zimenezo zithandiza mlendo kusungitsa chipinda? Mbiriyo tinaipatsa tsamba lakelake mkati.

Makiyi ali ndi ndani?

Musanalankhule ndi wopanga webusaiti aliyense, fufuzani zinthu zitatu: domain yanu inalembetsedwa m'dzina la ndani, hosting imalipiridwa kuti ndipo amalipira ndani, komanso pasiwedi yolowera mkati mwa webusaiti ali nayo ndani. Domain ndi dzina lija anthu amalemba akamakufunani, kaya lothera ndi .mw kapena .com. Hosting ndi malo amene mafayilo a webusaiti amasungidwa. Kwa mayi aja, zonsezi anazichita ndi mwana wa mchemwali wawo pamene anali pasukulu, ndipo panthawiyi n'kuti ali ku Joni, nambala yake ya foni itasintha. Zinatitengera masabata atatu kuti timupeze ndi kusamutsa domain kuti ikhale m'dzina la bizinesi. Mnyamatayo analibe mtima woipa, kungoti palibe amene anaganizapo za zimenezi poyamba paja. Koma domain ikanatha nthawi yake iye asanapezeke, dzina limene lili pa zikwangwani, pa malisiti ndi m'mabuku a alendo likanatha kugwera m'manja mwa munthu wina.

Imelo nayo musaiiwale. Ngati adiresi ya imelo ya bizinesi yanu ili pa domain yomweyo, kusamutsa hosting mosasamala kungachititse kuti makalata asiye kufika, ndipo simudzadziwa msanga chifukwa palibe chimene chimalira kukuchenjezani. Muuzeni wopanga webusaiti kuti alembe ma MX record akale, amene amalozera makalata a imelo kumene ayenera kufikira, asanakhudze chilichonse, ndipo makalata akale muwasunge kaye pa kompyuta.

Dziwani chimene yakaleyo ikukuchitirani kale

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinapsa ine mwini. Nditangoyamba kumene ntchitoyi ndinakonzanso webusaiti ya shopu ina yogulitsa malata, simenti ndi utoto. Yakale ndinaifafaniza yonse, n'kuika yatsopano yokhala ndi maadiresi atsopano a masamba. Inkaoneka bwino ndipo mwiniwake anasangalala. Patatha mwezi ndi theka anandiitana n'kundiuza kuti mafoni ofunsa mitengo ya malata achepa kwambiri. Nditafufuza ndinapeza kuti panali tsamba lina lakale, losaoneka bwino nkomwe, lofotokoza kusiyana kwa mageji a malata, limene Google inkalionetsa pamwamba anthu akamafufuza. Aliyense wodina linki yake tsopano ankangopeza uthenga wa 404, wonena kuti tsambali kulibe. Ndinawagwetsera khomo limene makasitomala ankalowera, ndipo zinandipweteka chifukwa bamboyo anandikhulupirira. Zinatenga miyezi kuti zinthu zibwerere.

Kuyambira pamenepo sindikhudza webusaiti ndisanalembe ndandanda wa masamba ake onse. Webusaiti ikakhala yaing'ono mukhoza kuchita pamanja: tsegulani tsamba lililonse, koperani adiresi yake, ikani mu Excel kapena Google Sheets. Ikakhala yaikulu pali pulogalamu yotchedwa Screaming Frog imene imayendera webusaiti yonse n'kukulemberani maadiresi, ndipo ndi yaulere mpaka maadiresi 500. Kenako lowani mu Google Search Console, imenenso ndi yaulere. Imakuonetsani mawu amene anthu amalemba pa Google kuti akupezeni, ndi masamba amene amafikirapo, kubwerera m'mbuyo miyezi 16. Ngati simunailumikizepo, ilumikizeni lero lomwe ndipo muipatse milungu ingapo itolere manambala ntchito isanayambe. Amene munali ndi Google Analytics yakale ija, chida chowerengera anthu olowa pa webusaiti, kumbukirani kuti inasiya kuwerenga alendo pa 1 Julayi 2023, ndiye onani ngati munasamukira ku yatsopano yotchedwa GA4.

Ku Nkhata Bay kuja manambala anatidabwitsa. Mayi aja ankaganiza kuti anthu amakonda tsamba la zithunzi. Koma tsamba limene linkakoka anthu ambiri kuchokera pa Google linali lofotokoza mayendedwe: mmene munthu angafikire kuchokera ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndi za sitima ya Ilala imene imaima padoko la Nkhata Bay pa ulendo wake wa pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, n'kudutsiranso ku Likoma. Munthu wofuna kukwera Ilala amafunanso pogona usiku woti mawa akwera kapena tsiku limene watsika. Tsamba limenelo mayi aja anali atalilemba kale pa mndandanda wa zoti zichotsedwe. Tinalisunga, tinalikonza, tinawonjezerapo chenjezo loti ndondomeko ya sitima imasinthasintha choncho mlendo atifunse kaye, ndipo pansi pake tinaikapo batani losungitsira chipinda.

Pa ndandanda wanu uja onjezerani mizere iwiri. Wina mulembe chochita ndi tsambalo: kulisunga, kuliphatikiza ndi lina, kapena kulichotsa. Winawo mulembe adiresi yake yatsopano. Ngati n'kotheka, masamba amene akuyenda bwino asasinthe adiresi. Pamene pasintha, wopanga webusaiti aike 301 redirect, imene imatenga munthu wodina adiresi yakale n'kumufikitsa yekha pa yatsopano, ndiponso imauza Google kuti tsambalo lasamuka mpaka kalekale. Tsamba lililonse lakale liloze ku tsamba logwirizana nalo. Ena pofuna kufulumira amangoloza onse ku tsamba loyamba, koma munthu amene amafuna za Ilala akafikira pa chithunzi cha dzuwa likulowa amangotseka n'kupita kwina. Google imalangiza kuti ma redirect amenewa akhalepo kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo. Ine ndimangowasiya osawachotsa.

Funsani amene amayankha foni

Safunsa anadya phula. Munthu amene amadziwa bwino zofuna za makasitomala nthawi zambiri si mwini bizinesi, koma uja amakhala pa kauntala kapena amene amagwira foni ya WhatsApp. Ndinapempha mtsikana wolandira alendo kuti kwa masabata awiri azilemba m'kope funso lililonse limene wafunsidwa. Kopelo ndinaliona ndi maso anga, la mizere, la ana asukulu, masamba anayi odzaza. Mafunso ake ankangobwerezabwereza: chipinda ndi ndalama zingati, chakudya cham'mawa chili momwemo kapena ayi, magetsi akazima mumatani, galimoto yaing'ono ingafike nthawi ya mvula, ana amalipira bwanji, mumalandira Airtel Money kapena Mpamba. Pa webusaiti yakale panalibe yankho la funso ngakhale limodzi mwa amenewa. Panali ndime zitatu zotamanda kukongola kwa nyanja, chinthu chimene mlendo amachidziwa kale.

Mayankho a mafunso amenewo ndiwo mawu a webusaiti yatsopano, ndipo alembedwe kaye wopanga asanayambe kujambula maonekedwe. Ntchito zambiri zimene ndaona zikuchedwa, chochedwetsa sichinali kompyuta ayi. Wopanga amamaliza mbali yake, kenako n'kudikira miyezi iwiri kuti mwini bizinesi atumize mawu ndi zithunzi. Sankhani munthu mmodzi amene adzalembe, mumupatse tsiku lomalizira, ndipo munthu mmodzinso akhale wopereka chilolezo chomaliza. Komiti ya anthu asanu siimaliza tsamba.

Za mitengo ndili ndi maganizo anga olimba: ikani mitengo poyera. Ambiri amaopa kuti opikisana nawo aiona, koma opikisana nawowo amaidziwa kale, amangoimba foni n'kufunsa. Amene mumamutaya ndi kasitomala amene sakufuna kuchita manyazi pofunsa chinthu chimene mwina sangakwanitse. Vuto lenileni la mitengo kwathu kuno ndi kusinthasintha kwake. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawebusaiti ambiri anatsala ndi mitengo yakale, ndipo ya mayi aja inali imodzi mwa iwo. Mlendo ankafika ndi mtengo wa pa intaneti m'mutu, n'kuyamba kukangana pa kauntala. Choncho uzani wopanga webusaiti kuti mitengo ikhale pamalo amodzi pamene inuyo kapena wantchito wanu angasinthe yekha pa foni m'mphindi zochepa, ndipo pansi pake pazilembedwa tsiku limene yasinthidwa komaliza.

Ngati mukuganiza zoika zilankhulo ziwiri, Chingelezi ndi Chichewa, ndi chinthu chabwino makamaka kwa bizinesi yogulitsa kwa anthu akumudzi kuno. Ingodziwani kuti mukasintha mtengo kapena nthawi yotsegulira, muyenera kusintha mbali zonse ziwiri.

Yambirani pa foni

Wopanga webusaiti adzakuonetsani ntchito yake pa laputopu yaikulu, pa Wi-Fi ya mu ofesi, ndipo zonse zidzaoneka bwino. Kasitomala wanu sali pamenepo. Ali mu minibasi ndi foni ya itel kapena Tecno, bandulo yake yatsala pang'ono, netiweki ikubwera n'kumapita. Nayonso Google masiku ano imayang'ana mmene webusaiti ikuonekera pa foni posankha malo oti iiike pa zotsatira. Ndiye pemphani kuti akuonetseni kaye maonekedwe a pa foni, a pa kompyuta abwere pambuyo.

Chimene chimalemetsa mawebusaiti ambiri ndi zithunzi. Chithunzi chochokera mu kamera chikhoza kukhala ndi ma MB asanu kapena kuposa, ndipo mukaika khumi zotero patsamba limodzi mwamudyera munthu bandulo asanaone n'komwe mtengo. Zithunzi zichepetsedwe kaye, zisungidwe mu mtundu wa WebP, ndipo ine ndimayesetsa kuti chilichonse chisapitirire ma KB 200. Vidiyo yoyamba kusewera yokha munthu akangotsegula tsamba ikaneni, ngakhale ikongole bwanji. Mayi aja anali ndi vidiyo yojambulidwa ndi drone imene ankaikonda kwambiri. Tinaiika pa YouTube, ndipo pa webusaiti pali chithunzi chake choti wofuna kuonera adine yekha. Kuti muyeze liwiro, lembani adiresi yanu pa chida cha Google chotchedwa PageSpeed Insights. Muyezo wa Google ndi wakuti chinthu chachikulu cha patsamba chizioneka m'masekondi awiri ndi theka. Koma musadalire chida chokha. Bwerekani foni yotchipa, zimitsani Wi-Fi, pitani pamalo pamene netiweki imavuta, mutsegule nokha. Ine ndinayesera kumsika wa pa Nkhata Bay nditaima pafupi ndi ogulitsa usipa, ndipo ndi pamene ndinaona kuti batani la foni linali laling'ono moti chala chinkadina china.

Njira yolankhulira nanu ikhale pamaso pa tsamba lililonse. Kwathu kuno anthu ambiri sakonda kudzaza fomu, amafuna WhatsApp. Linki yake ndi yosavuta kupanga: wa.me/ kenako 265 ndi nambala yanu mutachotsa ziro woyambirira. Nambalayo ikhale ya foni ya bizinesi, osati ya wantchito amene mawa akhoza kusiya ntchito n'kupita nayo. Fomu ikhalepobe chifukwa alendo akunja amaigwiritsa ntchito, koma izifunsa zochepa: dzina, masiku, chiwerengero cha anthu ndi njira yowayankhira. Kumbukirani kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act la 2024, choncho musamatole zambiri za munthu zimene simukuzifuna, ndipo nenani poyera chimene mumachita nazo.

Pa nkhani yolipirira pa webusaiti pomwepo, ganizani kawiri. N'zotheka kulumikiza Airtel Money, TNM Mpamba ndi makadi a kubanki kudzera ku makampani amene amachita zimenezi. Koma walira mvula walira matope: pafunika munthu woona tsiku ndi tsiku kuti ndalama zalowa, wobweza ndalama pakalakwika, woonetsetsa kuti chipinda chimodzi sichinagulitsidwe kawiri. Mayi aja tinagwirizana kuti chaka choyamba mlendo azingopempha chipinda, iwo n'kumutumizira njira yolipirira. Ndipo onetsetsani kuti adiresi yanu ikuyamba ndi https, chizindikiro chakuti webusaiti ndi yotetezedwa. Kuyambira mu Julayi 2018 Chrome, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, imalemba kuti "Not secure" pa webusaiti iliyonse yopanda chitetezo chimenechi, pamene satifiketi yake imapezeka kwaulere ku Let's Encrypt.

Pangano ndi wopanga

Lembani pangano, ngakhale wopangayo ndi m'bale wanu. Munene masamba angati, ndani alemba mawu, ndani ajambula zithunzi, mudzaloledwa kusintha maganizo kangati, ndipo ndalama zidzaperekedwa m'zigawo ziti. Gawo lomaliza lidikire mpaka webusaiti itayamba kugwira ntchito ndipo mapasiwedi onse ali m'manja mwanu. Funsaninso za ndalama za chaka ndi chaka, chifukwa domain, hosting ndi mapulagini ena (timapulogalamu towonjezera pa webusaiti) amalipiridwa chaka chilichonse, nthawi zambiri m'madola, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza, si bwino kudzidzimuka tsiku lomaliza. Lembani pa kalendala tsiku limene domain imatha, muzilipira kudakali mwezi. M'pangano mukhalenso tsiku lophunzitsa antchito anu awiri, osati mmodzi. Za pulogalamu yopangira sindilimbikira kwambiri. Ine ndimagwiritsa ntchito WordPress pa chifukwa chimodzi: ine nditachoka, mupeza wina ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu woidziwa.

Webusaiti yatsopano imangidwe pambali, pa adiresi yoyesera, yakale ikugwirabe ntchito. Pa nthawi imeneyi wopanga amatsekera Google kuti isaione. Mu WordPress ndi kabokosi ka mu Settings, pansi pa Reading, kolembedwa kuti "Discourage search engines from indexing this site". Tsiku lotsegulira kabokosi kameneka kachotsedwe chizindikiro. Kakaiwalika, webusaiti yanu yatsopano ikhala ikuuza Google kuti isaionetse kwa anthu. Mufunseni wopangayo akuonetseni ndi maso anu.

Tsiku lotsegulira

Sankhani nyengo imene bizinesi yanu imakhala phee. Kunyanja alendo amachuluka nyengo yopanda mvula, kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala, komanso pa Khirisimasi ndi Pasaka. Ife tinatsegula mu Febuluwale mvula ili mkati, kuti Google ikhale ndi nthawi yozolowera masamba atsopano alendo asanayambe kufufuza. Sukulu isasinthe webusaiti nthawi imene makolo akufunsira malo, wogulitsa mbewu ndi feteleza asasinthe mu Okutobala. Lachisanu madzulo musatsegule, chifukwa chikalakwika mudikira mpaka Lolemba. Ine ndimakonda Lachiwiri m'mawa, nditasunga kaye kope lathunthu la webusaiti yakale pamalo awiri.

Mukangotsegula tengani ndandanda uja, dinani adiresi yakale iliyonse muone ngati ikukufikitsani pamalo oyenera. Dzazani fomu nokha, muone ngati uthenga wafika ndipo sunagwere mu spam. Dinani batani la WhatsApp pa foni ziwiri zosiyana. Dzitumizireni imelo kuchokera ku Gmail. Tumizani sitemap yatsopano, fayilo yondandalika masamba anu onse, mu Search Console, ndipo konzani linki ya pa Facebook ndi pa Google Business Profile, paja pamaoneka bizinesi yanu pa mapu. Milungu yoyambirira manambala a pa Google akhoza kutsika pang'ono kapena kukwera n'kutsikanso, musachite mantha n'kuyamba kusinthasintha zinthu. Ingolowani mu Search Console sabata iliyonse kwa miyezi iwiri, muone ngati pali masamba amene akupereka 404, muwakonze.

Ku Nkhata Bay tinapeza masamba awiri otere sabata yachiwiri, ochokera pa linki zakale za m'mabulogu a apaulendo zimene sitinazidziwe, ndipo tinawaloza ku tsamba la mayendedwe. Ntchito imene ndinamusiyira mtsikana wa pa kauntala uja ndi yaing'ono: Lolemba lililonse m'mawa amadzaza fomu ya pa webusaiti ngati mlendo, n'kuona ngati uthenga wafika. Kope la mafunso lija akulisungabe, koma tsopano anawonjezeramo mzere wina, wolembamo kumene mlendo aliyense watidziwira, kuti Febuluwale wotsatira tidzakhale pansi ndi mayi aja tiyerekeze ndi nambala imene analemba tsiku loyamba.